Chikhomo Chimene Ndinasuntha

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichidziwa bwino. Ndimangokumbukira kuti mango anali asanapse, ndiponso kuti m'thumba la jekete langa munali chikhomo cha mlombwa, chophwanyika kumutu chifukwa cha nyundo. Chikhomocho ndayenda nacho moyo wanga wonse. Malaya anatha, nsapato zinatha, mano ena anagwa, koma icho ayi.

Amalume anga, a Lapukeni, anali mmisiri womanga nyumba. Kwathu zida za mmisiri sizipita kwa mwana womubereka, zimapita kwa mwana wa mlongo wake. Choncho ndinakula ndikudziwa kuti nyundo yawo, mpeni wawo womangira ndi chingwe chawo zidzakhala zanga. Makamaka chingwecho. Chinali cha thonje, chakuda ndi thukuta la zaka zambiri, chokulungidwa pa kamtengo kosalala. Panalibe nyumba ya njerwa m'dera lathu imene sinayambire pa icho.

Amalume ankaphunzitsa mosathamanga, atanyonyomala pansi.

"Chikhomo chimodzi sichinena kanthu," ankatero. "Chingwe chikhoza kuchoka pamenepo n'kulowera kulikonse, kudimba, kumsika, ngakhale kumanda. Koma ukakhoma chachiwiri, nkhani yatha. Pakati pa zikhomo ziwiri pamadutsa mzere wowongoka umodzi basi."

"Nanga ndikakhoma chachitatu, malume?"

"Chachitatu sichilamula. Chimangofunsidwa ngati chili pamzere kapena ayi."

Kufunsako kunali kwa diso, chifukwa chingwe chachitali chimanama mphepo ikawomba. Munthu amanyonyomala kuseri kwa chikhomo choyamba, n'kutsinzina diso limodzi. Zikhomo zonse zikabisala kuseri kwa choyambacho, ndiye kuti zili pamzere umodzi. Ine ndinkayang'ana mpaka misozi, koma ndinkaona zikhomo zikuvina.

Ndiyeno panali Lezina, mwana wa amalume, msuweni wanga. Iye ankabwera kuntchito ndi ndowa ya madzi oponderamo dothi. Tsiku lina anatula ndowa, nanyonyomala pomwe ndinali ine, nanena kuti, "Chapakaticho chatuluka chala chimodzi." Amalume anakayesa. Chinali chala chimodzi ndithu.

"Mwamuna wanga," anandiseka monga amachitira asuweni, "m'maso mwakomo mwalowa matope?"

"Bwerera kuchitsime, mkazi wanga. Achule akukusowa."

Tinaseka tonse. Koma kuyambira tsiku limenelo, nthawi iliyonse tikamanga chingwe, amalume ankatembenuka n'kunena mawu awiri okha: "Tayang'ana, Lezina." Ine ndinkakhala kumapeto kwina, nditagwira nyundo, ndikudikira kuuzidwa kuti sunthira uku, sunthira uko. Mawu awiri amenewo ndinawafuna kuposa chilichonse. Ndinkawanena ndekha ndikamakankha njinga pokwera chitunda, ndikuikapo dzina langa.

Amalume atayamba kukalamba anaganiza zomangira akazi awo nyumba ya malata. Anapatsa Lezina chingwe kuti ayale nyumba yonse yekha. Iye anakhoma zikhomo kunja kwa malo okumba, monga mwa ntchito yake, kuti zingwe ziwiri zikapingasana zionetse ngodya. Anayang'ana, nayesa, nayang'ananso. Dzuwa litafika pamutu onse anapita pamthunzi kukadya chinangwa. Ine ndinati ndikufuna nyundo. Ndinapita pa chikhomo chakum'mawa cha khoma lakutsogolo, n'kuchizula, n'kuchikhomanso chikhatho chimodzi chakunja. Dzenje lakale ndinalikwirira ndi chidendene.

Njerwa sizinanene kanthu. Dothi silinanene kanthu. Malata ndi amene anaulula, chifukwa iwo amabwera ali owongoka kale ndipo samva za munthu. Atawakhoma, m'mphepete mwa denga munatuluka mano ngati a sowo. Anthu ankaima pamsewu.

"A Lapukeni, mwapatsa mkazi chingwe, taonani nyumba ikuseka!"

Ine ndinatola chikhomo changa pamene ankachotsa zikhomo, n'kuyamba kudikira. Ndinkati tsopano amalume aona kuti diso lija nalonso limaphonya. Koma iwo anangokoleka chingwe chawo pamsomali m'nyumba yokhotayo, n'kugula china kumsika. Pa ntchito yotsatira anatembenuka monga kale.

"Tayang'ana, Lezina."

Mawa lake ndinawoloka mtsinje, osatsanzika.

Ndinayenda mpaka mango anapsa n'kutha. Ndinafika m'mudzi wina pansi pa phiri, pomwe panali kalipentala wogontha khutu limodzi, dzina lake a Binisoni.

"Umadziwa chiyani, achimwene?"

"Kugwira chingwe."

"Mbali iti, yoyang'ana kapena youzidwa?"

Anaseka yekha. Anandipatsa sowo.

Ntchito yanga yoyamba inali tebulo la miyendo inayi. Nditaliimika, linagwedera. Ndinadula mwendo wautali. Linagwedera mbali ina. Ndinadulanso, n'kudulanso, mpaka tebulo linatsika kufika m'maondo. A Binisoni ankangondiyang'ana akutafuna nzimbe.

"Pitiriza, likhala lichero posachedwa."

Kenaka anakoka kampando kawo ka miyendo itatu, n'kukaika pamiyala, pamchenga, pamizu ya mtengo. Paliponse kanakhala phee.

"Waona? Miyendo itatu sikangana ndi nthaka. Nsonga zitatu zilizonse zimagwirizana pa thyathyathya limodzi, bola zisakhale pamzere umodzi. Ukaziika pamzere umodzi, mpando ugwa. Koma wachinayi ndi mlendo. Ayenera kupempha malo pomwe atatu aja agwirizana kale. Iwe ukudula onse ngati onse ndi olakwa."

Ndinakhala nawo mvula zingapo. Ndinaphunzira kupeza mwendo wachinayi n'kuupala pang'ono pang'ono. Anthu anayamba kunena kuti pa matebulo anga madzi satayika m'kapu. Ndinayamba kugona bwino. Ndiye tsiku lina ndinafunsa kuti ndani anamanga kanyumba kogwiriramo ntchito, poti makoma ake anali okoma m'maso.

"Mayi wina wachingwe," anatero a Binisoni. "Anadutsa pano iwe usanabwere. Anatsinzina kamodzi kokha, basi. Diso ngati lija sindinalionepo."

Sabata imeneyo tebulo langa linagwedera. Ndinasiya sowo pa benchi n'kunyamuka.

Ndinafika m'tauni ya fumbi, momwe nyumba zinkamera msanga kuposa zitseko zake. Kumeneko mkulu wina wokhoma zitseko anandifunsa funso lomwelo, ndipo ndinayankha chimodzimodzi, ndipo iye anaseka chimodzimodzi. Anandionetsa chitseko chokhomedwa pa mahinjesi awiri.

"Awiriwa ali pamzere umodzi. Taona, chitseko chikhoza kuima paliponse, chotseguka pang'ono, chotseguka kwambiri, mphepo ikuchiseweretsa. Mzere wokha sugwira chitseko. Koma ika mpiringidzo uku, kutali ndi mzerewo." Anakankha kachitsulo. "Chaima. Malo amodzi okha. Mzere ndi kadontho kamodzi kapambali, zakwana."

M'tauni imeneyo ndinakwatira Falesi, mayi wosoka zovala, wa mawu otsika ndi manja ofunda. Tinakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo chitseko chake ndinakhoma ndine. Zinali zaka zabwino, ndikadadziwa kuzigwira. Koma nako kunali nyumba za mayi wachingwe. Chipatala chaching'ono, sitolo ya mbewu, nyumba ya abusa. Ankati anachoka dzana. Nthawi zonse ankakhala atachoka dzana. Ndikamakhoma chitseko m'nyumba zake, felemu inkalowa yokha ngati phazi mu nsapato yake, ndipo eni nyumba ankayamikira iye, osati ine. Ndinkabwera kunyumba n'kumafotokozera Falesi kuti pali njerwa ina yosapsa bwino pakhoma la sitolo, kuti mwina si Lezina amene amayang'ana, mwina ali ndi mwamuna womuthandiza mobisa.

Tsiku lina masana Falesi anaimitsa makina ake.

"Bambo, m'nyumba muno tilimo atatu."

"Wachitatu ndani?"

"Lezina. Amadya nafe, amapita nafe kutchalitchi. Dzulo ndinakufunsani ngati diresi ili likundikhala, munandiyankha za khoma la sitolo."

"Ndi msuweni wanga chabe, mayi."

"Chikhala kuti mumamukonda, bwenzi ndikudziwa cholimbana nacho. Ndikanadzola mafuta, ndikanaluka tsitsi. Koma inu simumukonda. Mukufuna maso ake. Nanga ine ndiwatenga kuti?"

Sanakalipe. Anapinda nsalu zake, mlongo wake anabwera kudzanyamula makina. Potuluka anakoka chitseko, ndipo chinatseka popanda phokoso, popanda mpata ngakhale wa tsamba. Ndinakhala pampando ndikuchiyang'ana. Chinali chitseko chabwino kwambiri. Ndinadzipeza ndikuganiza kuti Lezina akanachiona akanati chiyani.

Ndinayendanso. Njira zinayamba kufanana. Pakhomo la mudzi uliwonse pankakhala mbuzi yoyera itagona pachulu, ndipo sindikudziwa ngati inali yomweyo. Tsitsi langa linayamba imvi ndili pamsewu.

Kwina kotentha, kumene chimanga chimauma msanga, ndinalowa m'gulu la a Jailosi, otsira simenti pansi pa nyumba zikuluzikulu. Iwo sanandifunse kanthu. Anangondipatsa thabwa lalitali lowongoka.

"Ili ndiye woweruza wathu. Liike pamalo awiri alionse pansipa. Ngati pansi pali thyathyathya ndithu, thabwa ligona lonse, kuyambira uku mpaka uko. Gona nawenso, uyang'ane. Kuwala kukadutsa pansi pake, taba simenti ya eni ake."

Ntchito imeneyi inandikonda. Sinkafuna diso lakutali. Inkafuna maondo ndi kupirira, ndipo zimenezo ndinali nazo. Ndinkagona chafufumimba tsaya lili pansi, ndikusuntha thabwa chammbali, chopingasa, chodutsa ngodya. Madzi akatayika pansi panga ankangoima, osadziwa kolowera. Dzina langa linayamba kumveka. Tsiku lina tinamaliza nkhokwe yaikulu yosungiramo mbewu, ndipo mwini wake anatsetsereka ndi masokosi kuchokera kukhomo mpaka kukhoma, akuseka ngati mwana.

"Bambo inu muli ndi manja," anatero. "Mwatsala pang'ono kufanana ndi mayi uja anamanga tchalitchi cha kutsidyako."

Mwatsala pang'ono. Ndinanyamula thabwa paphewa n'kuwoloka kupita kutsidyako.

M'tchalitchimo munalibe munthu. Ndinasuntha mabenchi, n'kugona pansi. Ndinaika thabwa pakhomo: kuwala ayi. Pakati: ayi. Paguwa: ayi. Ndinabweranso mawa lake, ndi mawa linalo. Ndinayesa makoma. Pamene makoma awiri ankakumana ndinayendetsa chala kuchokera pansi mpaka pomwe ndinafikira, ndipo panali mzere umodzi wowongoka, monga zimakhalira zinthu ziwiri zathyathyathya zikakumana. Ndinakwera kuyang'ana pamwamba pa denga, pomwe mbali ziwiri za malata zimakumana. Mzere umodzi. M'mphepete munalibe dzino ngakhale limodzi.

Tsiku lachinayi mayi wosesa anandipeza nditagona pansi pa benchi lakumbuyo.

"Abambo, mwataya chiyani?"

"Ndikufuna polakwika."

"Aa, bwerani Lamulungu ndiye, mudzapeza tadzaza."

Anaseka yekha, napitiriza kusesa. Ine ndinatulutsa chikhomo changa m'thumba n'kuchiyang'ana. Ndinaganiza kuti m'dziko lonse muli nyumba imodzi yokha ya Lezina yokhota, ndipo ngakhale imeneyo si yake. Ndinasiya thabwa la a Jailosi pakhomo la tchalitchi.

Kuchokera pamenepo sindinakhalitsenso paliponse. Ndinkafika, kufunsa, kuuzidwa kuti anachoka dzana, n'kupitirira. Nthawi ina ndinafika pa bwalo la mpira la sukulu ina, dzuwa likuswa mtengo. Mkulu wina wovala tayi yakutha ankathira phulusa pa udzu, akulimbana ndi chingwe yekha.

"Bwanawe, tandigwirira uko," anaitana. "Ana athawira mango."

Anali a Kaliwo, mphunzitsi wopuma ntchito. Tinayala mzere wammbali, kenaka wakumapeto. Pamene iwiriyo inakumana anabayapo kamtengo.

"Ana amandivuta ndi funso limodzi chaka chilichonse," anatero. "Amati, bwanji mizere iwiri yowongoka singakumane kawiri? Ndimati yesani. Ikakumana pano, yasiyana basi. Uwu wapita kwake, uwo wapita kwake."

Mawuwo anandikomera. Titakhala pamthunzi ndinawauza za msuweni wanga, koma za chikhomo sindinanene. Ndinati ife tinakumana kamodzi, kwathu, ndipo sitidzakumananso.

"Mwati pansi pa phiri anali atadutsapo?"

"Inde."

"Kutauni ya fumbi?"

"Nakonso."

"Kotentha kuja?"

Ndinagwedeza mutu. A Kaliwo anapukuta phulusa m'manja pa thalauza.

"Ndiye mwawerenga molakwika, bwanawe. Mizere iwiri yowongoka ikadutsa pamalo awiri omwewo, si iwirinso. Ndi umodzi. Inu mulibe njira yanu. Mukuyenda pa mzere wa mayiyo, kumbuyo kwake."

"Sindikumutsata ine."

"Sindinati mukumutsata. Ndangonena zimene ndimauza ana a sitandade sikisi."

Ndinanyamuka ndili ndi mkwiyo wozizira. Ndinaona m'maganizo munthu atanyonyomala kutsogolo kwa msewu wautali, diso limodzi lotsinzina. Akanaona Lezina yekha. Ine ndikanabisala kuseri kwake, monga chikhomo chimene chili pamalo pake. Zaka zonsezo ndinkafuna kuoneka, ndipo ndinadziika ndekha pomwe sindingaoneke.

Ndinati ndichoke pamzerewo. Ndinasiya msewu n'kulowa m'minda, kudumpha mizere ya mbatata, kudutsa m'madambo, kukhotera kulikonse kumene kunalibe nyumba ya njerwa. Sindinafunsenso munthu za mayi wachingwe. Ndinayenda choncho masiku kapena zaka. Ndiye m'mawa wina ndinawoloka kamtsinje, n'kukweza maso, n'kuona denga la malata adzimbiri lili ndi mano m'mphepete.

Khoma lakutsogolo kunalibe. Njerwa zake zinali zitaunjikidwa pambali, ndipo denga linagwiriziridwa ndi mitengo. Pabwalo panakhala mayi wokalamba, akusenda nandolo m'lichero. Maso ake anali oyera ngati madzi otsukira mpunga. Ndinatsokomola.

"Chifuwa chimenecho ndikuchidziwa," anatero osatembenuka. "Mwamuna wanga wabwera. Wachedwatu iwe. Ndakwatiwa kawiri pokudikira."

"Ndi iwe, Lezina?"

"Ayi, ndi achule a kuchitsime. Khala pansi."

Ndinakhala. Anandiuza kuti amalume anamwalira kalekale, akazi awonso, amayi anganso. Ananena mayina mmodzimmodzi, ndipo ndinalira pang'ono, iye akusendabe nandolo. Kenaka ndinafunsa za khoma.

"Linang'aluka ndi mvula ya chaka chatha. Ndauza anyamata aligwetse. Ndamanga nyumba zambiri, msuweni, koma anthu a kuno amadziwa imodzi yokha. Mpaka lero ana amati kunyumba ya mano. Sindikufuna kufa ndili m'nyumba yokhota. Koma taona maso angawa."

Analoza ndi chibwano m'kati mwa nyumba. Poti khoma kunalibe, ndinaona msomali, ndipo pamsomalipo panali chingwe cha amalume, chokutidwa ndi ukonde wa kangaude.

"Sunachitenge?"

"Bambo anati chisatsike mpaka mwini wake atabwera. Ine ndathetsa zingwe za nayiloni za kumsika zosawerengeka. Ukuganiza kuti sindinkachifuna? Ndinkabwera kuchokera kutali, anthu atandiimbira m'manja, n'kuima pansi pa msomaliwo ngati galu pansi pa nyama yopachika. Ine ndinali mwana chabe. Mwini anali iwe."

Ndinapita kukachitsitsa. Chinali chopepuka kuposa mmene ndinkachiganizira.

Lezina anadzuka, nayenda chofufuza mpaka kumadzulo kwa nyumba. Kumeneko anali atakhoma kale chikhomo.

"Cha mbali ino ndachipeza ndi manja, chinalibe vuto. Koma chikhomo chimodzi sichinena kanthu. Chakum'mawacho ndiye chasowa. Pomwe ndinachikhoma tsiku lija, sindikuona. Tikayesa mwatsopano titha masiku, ndipo anyamata a masiku ano amayesa ndi pakamwa." Anapapasa chikhomo chake. "Mwina palibenso wamoyo amene akudziwa pomwe chinali."

Mphepo inagwedeza malata. Ndikanatha kunena kuti tiyese mwatsopano. Ndinkadziwa kuyesa, zaka zinali zitandiphunzitsa. Tikanapeza malo ake pofika madzulo, ndipo palibe akanadziwa kanthu. Chingwe chinali kale m'manja mwanga.

Koma chidendene changa chinkadziwa malowo. Chinawaponda m'mudzi wa pansi pa phiri, m'tauni ya fumbi, pansi pa mabenchi a tchalitchi. Ndinamanga chingwe pa chikhomo cha Lezina n'kuyenda chakum'mawa ndikuchimasula. Ndinadutsa ngodya yakale, phazi limodzi kunja kwake. Ndinagwada. Ndinaika chikhatho changa pansi, n'kuyesa chakumkati. Ndinatulutsa chikhomo cha mlombwa m'thumba n'kuchimenya ndi theka la njerwa.

Kamodzi. Kawiri. Kachitatu chinagunda chitsulo.

Ndinakumba ndi zala. Munali mutu wa khasu lakutha, utaimikidwa m'dzenje lakale.

"Lalira," anatero Lezina. Anali ataima chilili, khutu atalozetsa kwa ine. "Bambo analiika tsiku lomwelo."

"Munadziwa?"

"Ndinaona chinangwa chikadali m'kamwa. Chikhatho chathunthu, msuweni! Ngakhale nkhuku ikanaona. Ndinafuna kukuwa, koma bambo anandigwira dzanja. Anati musiye, wochizula ndi amene achibwezere. Tinadikira masana onse. Tinadikira m'mawa mwake, makasu ali m'manja, iwe ukuyang'ana kumwamba ngati ukuwerenga mbalame. Kenaka anati, tikumbe pomwe waika."

"Anthu anakuseka chifukwa cha ine."

"Anandiseka mpaka ndinathawa kukamanga kumene sankandidziwa. Ndinakutukwana m'midzi yambiri, usaganize kuti ayi. Bambonso ndinawakwiyira zaka. Koma ndikanakhala pano, bwenzi nditamanga nyumba khumi basi."

Ndiyenera kunena zoona. Ngakhale pamenepo, maondo ali m'fumbi, manyazi atandigwira, nsanje inandiluma pang'ono. Ngakhale choipa changa chinamuyendera bwino.

"Ndinachisuntha ndine," ndinatero, ngakhale panalibenso chifukwa chonenera.

"Ndamva. Khoma chikhomocho, dzuwa likupita."

Ndinachotsa khasu lija n'kukhoma chikhomo m'dzenje lake. Chinalowa ngati sichinachokemo. Ndinakoka chingwe mpaka chinalira. Lezina anatola chikhomo chachitatu, nayenda akutsata chingwe ndi dzanja, nachibaya pakati, pomwe padzakhale khomo. Mphepo inkakankha chingwe uku ndi uku.

Anawongoka, natembenuzira maso ake oyera kumene ndinali.

"Tayang'ana, msuweni."

Ndinanyonyomala kuseri kwa chikhomo changa. Maondo analira. Ndinatsinzina diso limodzi, ndipo linalo linadzaza madzi, moti ndinalipukuta kawiri ndi mkono wa jekete. Zikhomo sizinavine. Chakutali chinabisala bwinobwino. Chapakati chinatulutsa phewa pang'ono kumanja.

"Chisunthire kumanzere," ndinatero, ndipo mawu anga anamveka ngati a amalume.

"Motani?"

"Chala chimodzi."

Lezina anawerama. Anadikira mphepo idutse, nagwira chingwe ndi chala chachikulu, nagwira chikhomo ndi chinzake.

"Chala ndi theka, mwamuna wanga."

Ndinayang'ananso. Chinali chala ndi theka.